Poizoni aphedwe asanafike mumtsinje

Mvula ikakhazikika, udzu ndi tizilombo zikayamba kulimbana ndi cimanga, thonje ndi ndiwo za m'madimba, m'midzi mwathu mumamveka fungo limene tonse tilidziwa bwino. Ndi fungo la mankhwala opopera. Mlimi amabereka sipuleya kuyambira mbandakuca, ndipo dzuwa likafika pamutu amatsikira kudambo kuti akasambe. Sipuleyayo amaitsukira komweko, madzi ake oyera ngati mkaka nayenderera kulowa mumtsinje. Kumunsi kwake kuli amai akutunga madzi ophikira, kuli ng'ombe zikumwa, kuli ana akuwedza timatemba. Sitikuloza munthu cala, pakuti ambiri a ife tinacitapo zimenezi, ena mosadziwa, ena cifukwa ca kutopa.

Kutauni nkhani ndi yomweyi, kungoti kumeneko cotsukidwaco n'cacikulu. Mafakitale onyika nsalu mu utoto, ofufuta zikopa, osakaniza mankhwala a m'munda, pamodzi ndi magalaji osintha oilo wa galimoto, onsewa amatsala ndi madzi oipa tsiku ndi tsiku, ndipo madziwo ayenera kupita kwina kwake. Akapanda kuyeretsedwa amalowa m'ngalande, kucoka m'ngalande nafika mumtsinje, kapena amamira pansi kukasakanikira ndi madzi a m'zitsime ndi m'mijigo.

Kodi poizoni amene walowa m'madzi angaphedwe? Yankho ndi lakuti inde, wina angaphedwe, ndipo njira imodzi yomuphera inacokera ku cinthu cimene cinapezeka zaka zoposa 100 zapitazo. Imagwiritsa nchito zinthu ziwiri zimene ambiri a ife tinazionapo: ayironi ndi mankhwala ochedwa hydrogen peroxide. Tifuna kuti awerengi athu aidziwe njirayi pa zifukwa ziwiri. Coyamba, kuti mwini fakitale asadzatiuze kuti palibe cimene angacite ndi madzi ake oipa. Caciwiri, kuti wina asadzatinamize kuti mtsinje ukaonongeka pali mankhwala ongothiramo basi. Maganizo athu ndi awa: njirayi ndi yamphamvu ndithu, koma malo ake ndi m'thanki ya uyo amene waipitsa madzi, madziwo asanatuluke pampanda wake.

Tiyambe ndi zinthu ziwirizo. Ayironi amene tikunena si msomali kapena khasu iai, koma mcere wa citsulo wosungunuka m'madzi, wochedwa ferrous sulphate. Amai amene anapitapo kusikelo ali ndi pakati awadziwa mapilisi oonjezera magazi amene amapatsidwa kumeneko. Ambiri a mapilisiwo ali ndi mcere womwewu. Hydrogen peroxide ndi timadzi tija ta m'kabotolo ka kufamase timene timacita thovu tikathiridwa pacilonda, ndipo ndi tomweto timayeretsa tsitsi kusaluni. Pa kapangidwe kake peroxide asiyana ndi madzi wamba pa kanthu kamodzi cabe. Madzi ali ndi tizigawo tiwiri ta haidrojeni ndi kamodzi ka okosijeni, pamene peroxide ali ndi ka okosijeni kena koonjezera. Koonjezerako sikakhazikika, ndipo mphamvu yonse ya mankhwalawa yagona pamenepo.

Amene anaona zimene zimacitika ziwirizi zikakumana anali katswiri wa sayansi wa ku Cambridge m'dziko la England, dzina lake Henry John Horstman Fenton. M'caka ca 1894 analemba za asidi wina wochedwa tartaric acid, amene amapezeka m'mphesa ndiponso m'bwemba wathu yemweyu. Anapeza kuti peroxide payekha sacita naye kanthu kooneka asidiyo, koma akangoonjezako ayironi pang'ono, asidiyo amasanduka cinthu cina mofulumira. Fenton sanali kuganiza za mitsinje kapena mafakitale, koma dzina lake linatsalira pa njirayi, ndipo mpaka lero ichedwa njira ya Fenton. M'caka ca 1934 akatswiri ena awiri, Fritz Haber ndi Joseph Weiss, anafotokoza cimene cimagwira nchito mkatimo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 anthu anayamba kuiyesa pa madzi oipa a m'mafakitale.

Cimene cimacitika ndi ici. Ayironi akakumana ndi peroxide amamung'amba pakati. Kacidutswa kamodzi kotuluka pamenepo, kochedwa hydroxyl radical, ndi kolusa koopsa. Sikatha kukhala pakokha ngakhale kwa kamphindi. Kamagwira ciliconse cimene cili pafupi ndi kucithyola nthawi yomweyo. Akayeza mphamvu yake pa muyeso wa akatswiri, iposa ya klorini pafupifupi kawiri. Sikasankha kuti uyu ndi utoto, uyu ndi mankhwala a thonje. Cimene cakumana nako ndico cimathyoledwa.

Tsono mankhwala ambiri a m'munda, utoto wa nsalu, mafuta a galimoto ndi zotsalira za mankhwala a kucipatala, zonsezi zinamangidwa pa kaboni, cinthu comweco cimene cimapanga makala. Taganizani za nkhokwe: ndi mitengo ndi nsungwi zomangidwa ndi luzi. Mukadula luzi lonse, nkhokwe palibenso, patsala mulu wa mitengo. Hydroxyl imadula luzi la poizoni, mfundo imodzi imodzi. Nchito ikafika pamapeto peni peni, cotsala ndi madzi, mpweya wa carbon dioxide umene tonse timatulutsa popuma, ndi timicere pang'ono. Kunena mwacidule, ndi kuocha kopanda lawi la moto, kocitikira m'madzi. Apa ndi pamene njirayi isiyana ndi sefa. Sefa ya mcenga kapena ya makala imangomugwira poizoni ndi kumusamutsira pena. Iye akali wamoyo. Njira ya Fenton imamuphwasula.

Ayironi uja, akang'amba peroxide, amasanduka wa mtundu wa dzimbiri, koma peroxide wina amamubwezera pang'ono pang'ono mmene analili, nayambanso nchito. Motero ayironi wocepa angathe kugwira nchito yaikulu. Ndipo munthu sanali woyamba kuidziwa nzeru imeneyi. Mukapeza cipika cakugwa m'thengo cimene caola ndi kusanduka cofiirira, cikumanyenyeka timabokosi timabokosi, kawirikawiri ndi nchito ya bowa wa mtundu wina amene amaphwasula mtengo pogwiritsa nchito ayironi ndi peroxide wodzipangira yekha.

Komabe njirayi ili ndi malamulo ake, ndipo lalikulu ndi la asidi. Alimi amene anapimitsapo nthaka yao audziwa muyeso wa pH. Umayambira pa 0 kufika pa 14. Pakati pake, pa 7, palibe asidi, ndipo nambala ikamatsika asidi akuculuka. Madzi abwino akumwa amakhala pakati pa 6.5 ndi 8.5. Njira ya Fenton imagwira bwino pa pH ya pafupi ndi 3, kumene ndi kuwawasa kofanana ndi kwa viniga. Nambala ikakwera kupitirira 4, ayironi amaleka kusungunuka, nasanduka matope a dzimbiri, ndipo peroxide amangotha pacabe, kusanduka madzi ndi mpweya.

N'cifukwa cake pafakitale nchitoyi imayenda mwa dongosolo. Madzi oipa amasonkhanitsidwa m'thanki, zinyalala ndi mafuta oyandama nacotsedwa. Kenaka amathiramo asidi, kawirikawiri sulphuric acid, wa mtundu womwe uli m'batire ya galimoto, mpaka pH ifike pa 3. Amasungunuliramo ferrous sulphate, ndipo pambuyo pake amadonthezeramo peroxide pang'ono pang'ono uku akutakasa, cifukwa madziwo amatentha, ndipo mukathira wambiri nthawi imodzi amawira ndi kusefukira. Pakapita nthawi, mwina ola limodzi, mwina maola angapo malinga ndi kuipa kwa madziwo, amathiramo laimu kapena soda kuti asidi athe. Pamenepo ayironi amatsika pansi ngati matope ofiirira, atakokera pansi zoipa zina zotsala. Madzi a pamwamba amapimidwa kulabotale, ndipo akapezeka kuti ali bwino ndi pamene amatulutsidwa.

Walira mvula walira matope. Matope a ayironi aja sangatayidwe paliponse, pakuti amakhala atanyamula zoipa. Ayenera kuumitsidwa ndi kusungidwa pamalo otetezeka. Peroxide nayenso ndi wodula, ndipo madzi akaipitsitsa amafuna wambiri. Muyeso ukalakwika, kaya ayironi waculuka kaya peroxide wapitirira, zoonjezerazo zimadya hydroxyl yomwe ija imene inayenera kupha poizoni. Pa cifukwa ici mafakitale ambiri amene amagwiritsa nchito njirayi saifikitsa pamapeto. Amangothyola nayo poizoni kufikira atafooka, kenaka natumiza madziwo kumaiwe kumene tizilombo tosaoneka ndi maso timamaliza kudya zotsala. Tizilomboto timagwira nchito mochipa, koma poizoni wamphamvu akafika kwa ito asanathyoledwe, timafa.

Cinanso coyenera kudziwa ndi cakuti nchito yosiyira panjira ndi yoopsa. Poizoni wothyoledwa theka amasiya tizidutswa, ndipo nthawi zina tizidutswato timakhala toipa kuposa mwini wake. Mankhwala ena ndi ouma mutu. Atrazine, amene alimi ambiri amapopera udzu m'cimanga, ali ndi cigawo ca pakati cimene hydroxyl imalephera kuciphwasula cotheratu. Mankhwala amenewa amakhalitsa m'nthaka ndipo amatsikira m'madzi a pansi, cimene cinacititsa maiko a European Union kuwacotsa pa mndandanda wa mankhwala ololedwa m'caka ca 2004. Utoto ungathe kuzimirira m'mphindi zocepa madzi naoneka oyera mbee, koma cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Diso silipima madzi. Imapima ndi labotale.

Kodi kuli kumene njirayi inathandizapo pa nkhani ya alimi? Kuliko. Kum'mwera kwa dziko la Spain kuli dera la Almería, louma ndi lotentha, kumene tomato, mphiripiri zonona ndi nkhaka zimalimidwa m'nyumba za pulasitiki pa mahekitala zikwi zambiri ndi kugulitsidwa ku Ulaya konse. Ulimi wotere umasiya mabotolo a mankhwala osawerengeka. Kumeneko mabotolowo amasonkhanitsidwa, kuphwanyidwa ndi kutsukidwa kuti pulasitikiyo ipangidwenso zinthu zina. Koma madzi otsukirawo amatsala ali poizoni yekhayekha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mothandizidwa ndi akatswiri a pamalo ofufuzira za mphamvu ya dzuwa ochedwa Plataforma Solar de Almería, kunamangidwa malo oyeretsera madzi amenewa ndi ayironi, peroxide ndi dzuwa.

Dzuwa limalowapo motere. Madzi amayenda m'mapaipi a galasi ogonekedwa pa malata onyezimira opindika, amene amasonkhanitsira kuwala pa mapaipiwo. Kuwala kwa dzuwa kumabwezera msanga ayironi uja wosanduka dzimbiri kuti ayambenso nchito, ndipo pobwerapo amatulutsanso hydroxyl ina. Motero nchito imafulumira, ayironi amafunika wocepa, matope nao amacepa. Koma taonani cimene anacita anzathuwo. Sanapite ndi peroxide kumtsinje. Anayamba asonkhanitsa mabotolo pamalo amodzi, natsekera madzi oipa m'thanki, namuphera poizoni momwemo. Phunziro lathu lili pamenepo, ndipo dzuwa kuno kwathu sitilisowa.

Tsopano tinene zimene njira ya Fenton singacite, pakuti pamenepa ndi pamene munthu anganamizidwe. Tonse tikumbukira za pa 18 February 2025, pamene damu losungiramo zotsalira za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi nafika mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu za m'mphepete mwa mtsinje zinapsa, ndipo anthu a ku Kitwe anatsekeredwa madzi a m'mipope. Boma linacita kutumiza ndeke za asilikali ndi mabwato kukathira laimu mumtsinje. Mankhwala oyenera pamenepo anali laimuyo, osati peroxide, cifukwa vuto linali asidi ndi zitsulo zosungunuka. Kubweretsapo njira ya Fenton kukanakhala kuonjezera asidi pa asidi.

Zitsulo monga mkuwa ndi mtovu sizinamangidwe ndi luzi loti lingadulidwe. Sizipsa, sizioola, sizitha. Cimene munthu angacite ndi kuzigwetsa pansi ngati matope ndi kuzisunga pamalo pamene sizingafike kwa anthu. A ku Kabwe ndi mboni. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtovu ukali m'fumbi la m'makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo wakhala ukupezeka woculuka m'magazi a ana. Ndiye munthu akabwera kwa inu ndi botolo nanena kuti ali ndi mankhwala ocotsa poizoni wa mtundu uliwonse m'madzi, mufunseni kuti poizoni wake uti.

Ngakhale poizoniyo atakhala wa mtundu umene hydroxyl ingaphe, mtsinje si thanki. Kuti njirayi igwire mu Luangwa, mu Lutembwe kapena mu Kafue, mufunika kuyamba mwausandutsa mtsinjewo viniga, ndipo nsomba, acule ndi zomera zikafa inu musanayambe n'komwe kupha poizoni. Komanso hydroxyl, popeza sisankha, ingathere pa masamba oola ndi matope a mumtsinje. Poizoni wa m'botolo limodzi ndi wosavuta kumugwira akali m'ndowa imodzi ya madzi. Akabalalika m'dambo lonse, palibe ndalama imene ingamusonkhanitsenso.

Tisasokonezenso nkhaniyi ndi ya tizilombo toyambitsa matenda. Kolera imene inavuta dziko lino kuyambira kumapeto kwa 2023 kufika mu 2024 inatikumbutsa kufunika kwa klorini ndi kuwiritsa madzi, ndipo zimenezo tisaleke. Koma klorini ndi moto zimapha tizilombo. Sizidalirika pa kucotsa mankhwala a m'munda. Cigubu cimene munali mankhwala a thonje sicikhala cabwino cifukwa cakuti mwathiramo klorini kapena mwacitsuka ndi madzi otentha. Ciguboco sicoyenera madzi akumwa, mkaka, mafuta ophikira, mcere kapena munkhoyo, lero ndi mawa lomwe.

Ndipo ticenjeze mwamphamvu: wina asawerenge nkhani ino napita kukaponya mapilisi a magazi ndi peroxide m'citsime. Mapilisiwo ndi a amai oyembekezera, ndipo mwana akameza ambiri angafe. Peroxide wa kufamase ndi wosungunulidwa kwambiri, 3 kapena 6 peresenti cabe. Wa m'mafakitale amakhala 35 kapena 50 peresenti. Ameneyo amaocha khungu, amacititsa khungu m'maso, angayatse udzu wouma kapena nsalu, ndipo akasakanizidwa ndi ayironi m'cotengera cotseka, cimaphulika. Asidi wa m'batire nayenso tonse timudziwa. Iyi ndi nchito ya anthu ophunzitsidwa, okhala ndi zovala zodzitetezera ndi zipangizo zopimira. Safunsa anadya phula.

Tidziwa zimene eni mafakitale ena adzanena. Adzati njira zotere ndi zodula, ndipo mukatikakamiza titseka, ana anu nasowa nchito. Mau amenewa sitiwapeputsa, pakuti nchito ndi yosowa m'dziko muno. Ndiponso sitikunena kuti fakitale iliyonse igule njira ya Fenton. Madzi ena amayera ndi maiwe cabe, ena afuna laimu, ena afuna makala. Cimene tikukana ndi kunena kuti kusayeretsa ndiko kuchipa. Mtengo wake sucoka, umangosamukira kwa ena. Amalipira ndi msodzi amene ukonde wake wabwera wopanda kanthu, mlimi amene ng'ombe yake yafa, mai amene wagona kucipatala ndi mwana, ndi kampani ya madzi imene pambuyo pake imakweza bilu ya tonsefe. Asidi amapangidwa m'dziko mwathu muno pamalo osungunulira mkuwa, laimu amakumbidwa ku Ndola. Sitinganene kuti zonse ndi za kutali.

Lamulo nalonso lili kumbali ya anthu. Environmental Management Act ya m'caka ca 2011, imene inakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa Environmental Council of Zambia, inena kuti munthu aliyense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi otetezeka, ndiponso kuti woipitsa ndiye alipire. Wofuna kutulutsa madzi oipa ayenera kukhala ndi cilolezo ca ZEMA ndi kutsata miyeso yake. M'caka comweco munakhazikitsidwanso lamulo limene linabala bungwe la WARMA loyang'anira mitsinje ndi madzi a pansi. Malamulo tili nao. Cosowa ndi maso ndi mapazi.

Motero tipempha a ZEMA kuti azifika pamipope yotulutsira madzi mosayembekezereka, nadzitungira okha madzi okapima, osangodalira mapepala amene kampani yalemba yokha. Zotsatira zake zizipacikidwa ku ofesi ya khansolo ndi kuwerengedwa pa wailesi za m'madera m'zinenero zimene anthu amamva. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linasainidwa mu December 2023. Tiligwiritse nchito.

Nafenso tisamakhale cete pamisonkhano imene imaitanidwa fakitale kapena mgodi usanamangidwe. Kawirikawiri timangofunsa za nchito ndi za cipukuta misozi. Mafumu, anyakwawa, makhansala, akuluakulu a mipingo ndi a makopaletivu afunsenso mafunso awa. Kodi m'madzi anu oipa mudzakhala ciani? Mudzawayeretsa ndi njira iti? Matope otsala mudzawasunga kuti, nanga mvula yaikulu ikagwa? Adzapima madziwo ndani, kangati pacaka, ndipo ife tidzaziona kuti zotsatira? Munthu amene wakonzekera bwino sangakwiye ndi mafunso otere.

Kwa ogulitsa mankhwala a m'munda, ndi makampani amene amapereka mbeu ndi mankhwala pa ngongole, tikuti galimoto imene inabweretsa mabotolo odzaza ingathenso kubwerera ndi mabotolo opanda kanthu. Kuyambira pamene mbozi za nchembere zandonda za mtundu watsopano zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, ngakhale mlimi wa cimanga amene kale sanali kupopera tsopano amapopera. Mabotolo aculuka m'midzi, ndipo mlimi alibe kowapereka. Pakhale malo owasonkhanitsira pa shedi iliyonse yogulira mbeu. Akasonkhana pamodzi, ndi pamene njira ngati ya ku Almería ingakhale ndi tanthauzo kuno.

Kwa akatswiri athu a pa University of Zambia, Copperbelt University ndi NISIR, pempho lathu ndi lakuti ayese njirayi ndi madzi athu eni eni. Madzi a pansi a mu Lusaka amacokera m'miyala ya laimu, ndipo madzi otere amadya asidi wambiri asanafike pa pH 3. Zimenezi zimakweza mtengo. Nthaka yathu yofiira ndi yofiira cifukwa ca ayironi, ndipo m'maiko ena akatswiri ayesapo kugwiritsa nchito miyala ndi dothi lotere m'malo mwa mcere wogula. Atiuze ngati zingatheke pa madzi otsala a m'dibi ya ng'ombe kapena pa madzi otsukira mabotolo, ndipo atiuze mtengo wake m'makwaca.

Koma tisathere mau onse pa ena. Gawo lalikulu la nkhaniyi m'midzi lili m'manja mwathu, ndipo silifuna ndalama. Botolo likatha, thiranimo madzi oyera kufika pa gawo limodzi la magawo anai, tsekani, khuchumulani kwa theka la mphindi, ndipo madziwo muwathire m'sipuleya, osati pansi. Citani zimenezi katatu. Mukatero mankhwala amene munagula ndi ndalama zanu apita pa mbeu, ndipo m'botolo mutsala ocepetsetsa. Kenaka libooleni kuti wina asaligwiritsenso nchito, ndi kulisunga pamalo okhoma kufikira mutapeza kolipereka. Musaliochere pakhomo, utsi wake ndi poizoni.

Sipuleya itsukidwire kumunda komweko, kutali ndi mtsinje, citsime ndi mjigo, ndipo madzi otsukirawo apoperedwe pa mbeu yomwe munali kupopera. Madzi osakanizira muzitunga ndi ndowa ina yoyera ndi kuwanyamulira kumunda; sipuleya isamafike pamadzi. Sakanizani okwanira nchito ya tsikulo cabe, potsata muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo musapopere mvula ili pafupi kugwa. Zovala zopoperera zicapidwe pazokha, osati padambo. Madzi a m'dibi akatha mphamvu asatsegulidwire kumtsinje; funsani alangizi a ziweto za dzenje loyenera, lochingidwa ndi mpanda. Ndipo aja amene amathira mankhwala a thonje m'madziwe kuti agwire nsomba adziwe kuti akuphwanya lamulo la za nsomba, ndiponso akudyetsa anzao poizoni. Mankhwala monga cypermethrin amapha nsomba ngakhale atakhala ocepa kwambiri.

Pali nzeru inanso yochipa imene makopaletivu angaifunse. Inayambira ku Sweden m'caka ca 1993, ndipo ichedwa biobed. Ndi dzenje losazama, lomatidwa ndi dongo pansi, lodzazidwa ndi zinthu zosakaniza: theka mapesi a tirigu odulidwa, gawo limodzi la magawo anai dothi la pamwamba, gawo lotsalalo nthaka yakuda ya zomera zoolerana, pamwamba pake nabzalapo udzu. Mlimi amasakanizira mankhwala ndi kudzazira sipuleya pamenepo, kotero kuti madontho otayika amagwidwa, ndipo bowa ndi tizilombo ta m'nthaka timawaphwasula pang'ono pang'ono. M'maiko otentha ena anaiyesa ndi manyowa a kompositi ndi zotsalira za mbeu zao. Kuno, kumene mvula imagwa yamphamvu, pangafunike kadenga. A ZARI ku Msekera ndi ku Mount Makulu angatithandize kuona ngati mapesi a cimanga angagwire nchitoyi.

Fenton anatisiyira cida cabwino, ndipo tifuna kuciona cikugwira nchito m'mafakitale a dziko lino kulikonse kumene ciyenera. Koma cidaco cimagwira poizoni amene watsekeredwa, amene wadziwika dzina, amene ali ndi mwini wake woti alipire. Amene wafika kale mumtsinje alibe mwini, ndipo amamwa ndi tonse. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Pamsonkhano wotsatira wa kopaletivu, wa mphakati kapena wa kwa anyakwawa, nkhani ya madzi ilowe pa mndandanda. Gwirizanani malo amodzi osungira mabotolo, sankhani munthu wowawerenga ndi kulemba kalata kwa ogulitsa kuti adzawatenge, ndipo ikani lamulo la pamudzi lakuti sipuleya isatsikirenso kudambo. Zimenezi zingayambe mvula ya caka cino isanathe.